Andipeza ndi glandular fever, koma mayi anga akuganiza kuti ndi matenda aja. Nditani?

Nachisale_Notts analemba:

Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga zanu kuno osalemba kanthu koma lero zandikwana, ndithandizeni maganizo. Ndine mtsikana wa zaka 20, ndili chaka chachiwiri ku yunivesite kuno ku Nottingham, kwathu ndi ku Lilongwe. Masabata atatu apitawo ndinayamba kumva kuzizidwa, mutu, thupi lonse kuphwanya ngati andipondaponda, ine ndinangoti ndi chimfine poti kunja kwayamba kuzizira. Kenako pakhosi panatupa moti kumeza malovu enieniwo kunali ngati ndikumeza minga, ndikaunika ndi tochi ya foni kukhosi kuli mbuu zoyera ngati chambiko, anabele m'khosi mbali zonse ziwiri ngati ndabisamo masuku.

Apa ndiye ndinapalamula ndekha. Mnzanga wina wa kwathu anali ndi makapisozi a amoxicillin omwe anabwera nawo mu sutikesi, mukudziwa mmene timachitira, ndiye ndinayamba kumwa. Patatha ngati sabata ndinadzuka thupi lonse lili ndi zidzolo zofiirira, pamimba, m'manja, m'miyendo, zoyabwa koopsa. Ndi pamene ndinathamangira kwa GP, dokotala wa kukiliniki ya m'dera amene timayambira kwa iye kuno ku UK. Ananditenga magazi ndipo zotsatira zitabwera anati ndi glandular fever, ena amati mononucleosis kapena mono. Akuti palibe mankhwala, ndizingogona, kumwa madzi ambiri ndi paracetamol, mowa ayi, komanso netibo ndiyambe ndasiya kwa mwezi kapena kuposa chifukwa cha kapamba. Ine ndimasewera senta mu timu ya ku hostel kwathu ndiye izi zandipweteka kwambiri.

Koma vuto lenileni ndi ili. Nditaimbira mayi pa WhatsApp anandifunsa kuti adokotala akuti chiyani, ine osaganiza ndinangoti "akuti ndi kachilombo". Amayi anangoti zii, kenako ndinangomva akulira uku akuitana bambo. Ndinayesa kufotokoza kuti ayi si kachilombo kaja koma mlongo wanga wa Fomu 3 anali atafufuza kale pa intaneti n'kuwawerengera mokweza kuti azungu amawatcha matenda opsompsonana. Panopa azakhali akunditumizira mavesi m'mawa uliwonse, mayi akuti ndinapita kunja kukaphunzira kapena kukachita chiyani. Chibwenzi ndili nacho inde sindibisa, koma iye ali bwinobwino sakudwala olo pang'ono.

Ndiye ndifunse. Kutopaku kumatha liti? chifukwa ndikungogona maola 12 n'kudzuka ndili wotopabe, kusamba kokha ndimapumira kaye pa bedi. Ndimagwira ganyu ku nyumba yosamalira okalamba, lenti ikudikira, mayeso ali mu Januwale. Nanga ndingapatsire anzanga m'nyumba muno? Ndipo mayi ndiwauze bwanji kuti amve?

Aise_Bhoo analemba:

Kkkkkk achemwali pepani koma ndaseka pa nkhani ya mlongo wanu wa Fomu 3 uja, ana amenewa akapeza bandulo ndi oopsa. Koma kunena zoona ine dzina limenelo ndikulimva koyamba. Kuzizidwa, mutu, kuphwanya thupi, kapamba, amenewo si malungo? Kwathu tikanangoti imwani LA masiku atatu nkhani yatha. Azungu malungo sawadziwa bwino, mwina angopeza dzina lawo lapamwamba basi.

AuntyNesi_Mcr analemba:

Aise_Bhoo chonde usamauze anthu kumwa mankhwala asanayezedwe, waona kale zomwe amoxicillin wa mu sutikesi wamuchita mwanayu.

Nachisale mwana wanga, pepa. Ine ndine nesi, ndagwira ntchito kuno ku Manchester zaka zambiri ndipo ana asukulu amsinkhu wako ndawaona ochuluka ndi matenda omwewa, makamaka miyezi imene mayunivesite angotsegulira. Si zachilendo kuno ngakhale pang'ono, ukawauza aphunzitsi ako kuti glandular fever palibe amene adzakuyang'ane kawiri.

Ndiyambe ndi chimene chili chofunika kuposa zonse, kapamba. Kapamba ali kumanzere kwa mimba pansi pa nthiti, ndipo pa matendawa amatupa mwa anthu ambiri ngakhale iwe usakumva kalikonse. Akatupa amakhala wofewa, ndiye chigongono chimodzi pa bwalo la netibo kapena kugwa chagada akhoza kung'ambika n'kumataya magazi m'kati. Sizichitika kawirikawiri, ndisakuopseze, koma zikachitika ndi nkhani ya ku fiyeta usiku womwewo. N'chifukwa chake adokotala akuti mwezi. Ndipo si netibo yokha, kunyamula zolemera nakonso. Iwe wati umagwira ntchito yosamalira okalamba, ine ntchito imeneyo ndikuidziwa, kutembenuza agogo pa bedi, kuwadzutsa pa mpando, kukankha hoisti, zonsezo ndi kudzikakamiza pamimba. Ukabwerera ku ntchito uwauze akupatse zopepuka kaye.

Ukamva kupweteka kobaya kumanzere kwa mimba, kapena kupweteka pa phewa lakumanzere kosadziwika kochokera, chizungulire, kufooka mwadzidzidzi, usadikire kuti kuche, imba 999, nambala yoitanira ambulansi. Chimodzimodzi ngati pakhosi patupa mpaka ukulephera kupuma bwino kapena kumeza malovu ako omwe. Maso akayamba chikasu imba 111, nambala yofunsira malangizo a zachipatala, kapena GP tsiku lomwelo, chifukwa kachilomboka kamakhudzanso chiwindi, ndi chifukwa chake akuletsa mowa. Paracetamol usapyole zomwe zalembedwa pa paketi, ndipo samala ndi timankhwala ta chimfine tosungunula m'madzi otentha tija, tambiri timakhala kale ndi paracetamol m'kati ndiye munthu umapezeka wamwa kawiri osadziwa.

Za zidzolozo, zimadziwika bwino. Munthu wa glandular fever akamwa amoxicillin kapena ampicillin nthawi zambiri amatuluka zidzolo zotero, ndipo sizitanthauza kuti basi moyo wako wonse mankhwalawo sakuyanja, koma uwauze adokotala alembe mu fayelo yako kuti aone okha. Maantibayotiki amapha mabakiteriya, vayirasi samukhudza n'komwe. Makapisozi otsalawo ukapereke ku famase akataye.

Za ntchito ndi sukulu, masiku 7 oyamba umadzilembera wekha kuti ndikudwala, kupyola apo GP amakupatsa kalata imene amati fit note. Pempha kalatayo, ina upereke ku ntchito ina ku sukulu. Yunivesite iliyonse kuno ili ndi ndondomeko ya amene wadwala nthawi ya mayeso kapena ya maasayimenti, ena amati extenuating circumstances ena mitigating circumstances, koma chinsinsi chake ndi kulemba MSANGA usanaphonye tsiku. Ana athu ambiri amachita manyazi, amalimbikira chamumtima n'kulephera mayeso kenako ndi pamene amakauza anthu. Komanso poti uli pa viza ya sukulu, ukamajomba m'kalasi osanena amalemba, ndiye atumizire imelo lero lomwe.

Idya zofewa. Phala, supu, yogati, nthochi, tiyi wa uchi. Vumata madzi ofunda a mchere. Nsima ukaifuna ikhale yofewa ndi therere, imatsika yokha.

Clinician_wa_kuZomba analemba:

Mayi nesi anena zambiri zabwino, ine ndingoonjezera mbali ya kuno kumudzi chifukwa funso la Aise_Bhoo lili ndi nzeru ngakhale yankho lake ndi lolakwika. N'chifukwa chiyani dzinali sitilimva ku Malawi?

Kachilombo kamene kamayambitsa matendawa dzina lake ndi Epstein-Barr, mwachidule EBV, ndipo kuno kwathu kali ponseponse. Pa dziko lonse akuluakulu oposa 9 mwa 10 alionse anakatengapo kale. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno ana ambiri amakatenga ali aang'ono kwambiri, asanayambe ndi sukulu yomwe. Taganizani mmene timalelera ana, mayi kutafunira mwana chakudya, kulawa phala ndi sipuni yomweyo, kapu imodzi pa ndowa nyumba yonse, ana kulandirana nzimbe kapena switi kukamwa. Zonsezo ndi malovu. Ndipo mwana wamng'ono akakatenga nthawi zambiri sadwala, kapena amangotentha thupi masiku awiri ife n'kumati ndi mano akumera. Thupi limapanga chitetezo basi nkhani yatha. Koma ukakumana nako koyamba uli wachinyamata, zaka za m'ma 15 mpaka 24 umu, ndi pamene thupi limachita nkhondo yaikulu, ndipo kutupa kwa anabele, pakhosi ndi kapamba ndi nkhondo imeneyo. Ndiye achemwali inu munangokhala m'gulu la ochepa amene kanawaphonya ali ana. Komanso tinene chilungamo, ena amene amadwala kuno timangowayeza malungo, tikapeza mulibe timati zilonda zapakhosi n'kuwapatsa mankhwala, chifukwa zoyezera matendawa sizipezeka m'zipatala zing'onozing'ono.

Mbiri yake ndi ya ku Africa kuno komwe. Mu 1958 dokotala wa maopaleshoni Denis Burkitt, akugwira ntchito ku Kampala ku Uganda, analemba za chotupa china chimene chinkagwira ana m'nsagwada n'kumakula mofulumira kwambiri. Anthony Epstein ku London atamva za chotupacho anapempha kuti azimutumizira tizidutswa take, ndipo mu 1964 iye ndi Yvonne Barr ndi Bert Achong anaona kachilomboka m'maselo amenewo. Zoti ndi komweko kamene kamayambitsa glandular fever zinadziwika patapita zaka zochepa ku Philadelphia, wogwira ntchito wina mu labu momwe ankafufuza za kachilomboka atadwala yekha, magazi ake amene kale analibe chizindikiro cha kachilomboka anapezeka nacho atadwala. Khansa ya Burkitt ija ndi imodzi mwa khansa zimene timaziona kwambiri mwa ana kuno ku Malawi, ku Queens ku Blantyre akhala akuthandiza ana otere kwa zaka zambiri, ndipo imayenda kwambiri m'madera momwe malungo ndi ochuluka chifukwa malungo obwerezabwereza mwa mwana amasokoneza mmene thupi limagwirira kachilomboka. Achemwali musawerenge izi n'kuyamba kusowa tulo, nkhani ya ana aang'ono a m'madera a malungo ndi ina, yanuyi ndi ina. Ndangofuna muone kuti si matenda a azungu, ndi kachilombo kamene mayi anu, bambo anu ndi azakhali a mavesi aja mwachidziwikire ali nako kale m'thupi kuyambira ali makanda.

Koma pali ziwiri zimene ndikanakufunsani mukanabwera kwa ine. Choyamba, munabwerako kumudzi miyezi yapitayi? Ngati munabwera pa holide muwauze adokotala anu, chifukwa malungo amatha kuonekera munthu atabwerera kale ku UK ndipo iwo sangaganize zoyeza ngati simunanene. Chachiwiri, ndipo musakhumudwe, HIV ikangolowa kumene m'thupi zizindikiro zake zimafanana kwambiri ndi zimenezi, kutentha thupi, pakhosi, anabele, zidzolo. Sindikuti ndi zimenezo, magazi anu awonetsa kale chimene chikukuvutani. Koma wachinyamata aliyense amene ali pa chibwenzi ndimamuuza kuti ayezetse, kumeneko kuyezetsa ndi kwaulere ku kiliniki za umoyo wogonana. Ndipo pa nkhani ya mayi anu, pepala lakuti mulibe lidzawatonthoza kuposa mawu anu onse.

Mawu akuti kachilombo musawagwiritsenso ntchito polankhula ndi makolo. Kwa munthu amene anaona maliro a zaka za m'ma 1990, mawu amenewo ali ndi tanthauzo limodzi lokha. Ine odwala anga achikulire ndimawauza kuti ndi matenda a m'gulu la chimfine ndi chikuku, ofalikira m'malovu, amatha okha.

Mwana_wa_Nangozo analemba:

Sis ine ndinadwala zomwezi ndili chaka choyamba ku Cape Town ndiye ndikuuze zimene madokotala sanena kwenikweni. Pakhosi ndi kutentha thupi zinatha pa masabata awiri kapena atatu, ndinasangalala kuti ndachira, ndinachapa zovala zonse, kukolopa, kupita ku tauni wapansi, madzulo kukwaya. Mawa lake sindinadzuke. Masiku atatu ndili gone ngati andimenya ndi musi. Ndiye ndinaphunzira kuti tsiku limene ukumva bwino ndi limene uyenera kusamala kwambiri, chita theka la zimene ukuganiza kuti ungathe, zinazo mawa. Ine kutopa kunanditenga pafupifupi miyezi itatu kuti kutheretu, koma sikuti miyezi yonseyo ndinali pa bedi ayi, kumachepa pang'onopang'ono, umangozindikira tsiku lina kuti lero ndakwera masitepe osaima. Anthu ambiri amachira msanga kuposa ine.

Chimene chinandipweteka kwambiri si thupi koma anthu. Kunja umaoneka bwinobwino ndiye anzako amati ukudzikonda, ukuchita ulesi, wina anandiuza kuti ndi maganizo chabe ndizipemphera. Magulu a pa WhatsApp akupanga mapulani iwe uli m'chipinda wekha kuyang'ana denga, komanso kwanuko dzuwa likulowa 4 koloko nyengo ino, ndiye samala mtima usagwe. Pempha mnzako mmodzi azibwera kudzakhala nawe olo kungoonera filimu limodzi. Sangatenge pongokhala nawe chipinda chimodzi, si chifuwa chachikulu ichi. Kapu yako, sipuni yako, botolo lako la madzi, mswachi wako, lipstick osabwerekana, basi.

Zowerenga ine ndinkachita mphindi 20 kenako kugona, ndipo ndinkamvetsera malekicha ojambulidwa ndili chigonere. Ubongo umakhala ngati muli nkhungu, ndime imodzi kuibwereza kanayi, usadzione ngati wapusa, zimabwerera.

Za chibwenzi chako usamuimbe mlandu ndipo iye asakuimbe mlandu. Kuchokera pamene watenga mpaka kuyamba kudwala pamapita masabata 4 mpaka 6, ndipo munthu amene anadwalapo kalekale amatha kumatulutsa kachilomboka m'malovu nthawi ndi nthawi iye ali bwinobwino osadziwa kanthu. Ndiye ukhoza kukhala kuti unatenga kwa iye, kapena pa botolo la madzi ku netibo konko, inu osewera mumangolandirana mabotolo pa hafu taimu. Sudzadziwa. Ine ndinataya sabata yathunthu ndikuwerengetsa pa kalendala kuti ndinamwera kapu ya ndani, zopanda phindu.

Aise_Bhoo analemba:

Chabwino ndagonja, a Clinician mwandiphunzitsa. Ndiye kuti tonse tili nako eti? Ine ndimadzitama kuti magazi anga ndi oyera kkkk. Achemwali netibo ikudikirani, Mwawi Kumwenda yemwe anavulalapo bondo n'kukhala kunja miyezi yambiri koma anabwerera pa bwalo, inu mwezi umodzi wokha mukulira.

AuntyNesi_Mcr analemba:

Ndinaiwala za amayi ako. Ngati ukufuna nditumizire uthenga kumbali, ndikhoza kuwaimbira ine ndemwe tilankhulane ngati azimayi. Nthawi zina kholo silimva za mwana wake koma likamva kwa mnzake wamkulu amene ndi wachipatala mtima umakhala pansi. Usawakwiyire, ali kutali ndipo sangakugwire pa chipumi kuti aone ngati watentha, ndiye mantha awo akutulukira m'mawu olakwika. Za chibwenzizo ndi nkhani ina imene mudzakambirana ukachira, panopa usaitsegule.

Nachisale_Notts analemba:

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri kawiri chifukwa mutu ukuchedwa kugwira monga wanenera Mwana_wa_Nangozo. A Clinician, kumudzi sindinabwereko chichokereni chaka chatha ndiye za malungo ndikuona kuti ayi, koma ndinawauzabe a GP pa foni. HIV anali atayeza kale pa magazi omwe aja, ine sindinamvetsere bwino tsiku limenelo pomwe ankandifunsa chilolezo poti ndinali ndi ululu, ndaona pa app ya NHS, ya zipatala za boma kuno, kuti mulibe. Ndajambula n'kutumizira mayi. Sanayankhe kanthu za pepalalo, angotumiza voice note ya mphindi 6 yondiuza mmene ndingaphikire phala la mgaiwa lothira nsinjiro ngati kuti ndinaiwala, ndiye ndikuona kuti zayamba kutsika. Ndinawauzanso zimene munanena zakuti mwina iwo omwe ali nako kuyambira ali mwana, anangoti "iwe usandiyambe".

Fit note andipatsa ya masabata awiri, ku sukulu ndalemba fomu ija dzulo ndipo asayimenti imodzi andisunthira kale. Ku ntchito ndiye sanasangalale koma alandira kalatayo, za lenti ndalankhula ndi achimwene a ku Leicester andithandiza mwezi uno. Zidzolo zayamba kufota, zikusenda ngati njoka. Aunty Nesi ndakutumizirani nambala ya mayi kumbali, muwaimbire madzulo akaweruka, koma muyambe mwadzitchula kuti ndinu nesi chifukwa akaona nambala yachilendo ya +44 adzaganiza kuti ndakomoka.

Funso lina laling'ono, mwezi wa netibo uja timawerenga kuyambira tsiku limene ndinayamba kudwala kapena limene anandiyeza? Chifukwa pali gemu pa 14 ndipo ndikawerenga njira yoyambayo ndikukwanitsa.

AuntyNesi_Mcr analemba:

Amawerenga kuyambira pamene unayamba kudwala, koma mwana amene akupumira pa bedi akachoka kosamba sakusewera senta pa 14. Ukaonane ndi GP kaye akugwire pamimba, akakuloleza uyambe ndi kuyenda ndi kuponya mpira wekha pa mphete. Pa gemupo pita ukakhale pa benchi ndi jekete ndi botolo lako lakolako.